Tsiku Limene Atelala Anakadwalira Mwana Wawo

Pabanja la Atelala wodwala sankayankhula. Sikuti ankamuletsa ayi, kungoti sankapeza mpata. Ukangoti "mutu," iwo alanda kale nkhaniyo, akuwafotokozera adokotala mmene mutuwo unayambira, mbali imene ukuwawa, ndi m'bale amene anauyambitsa. Malemu amuna awo anapita kumanda akumwa mankhwala a chifuwa, chonsecho munthu ankagwira pamimba. Akati atsegule pakamwa kuti, "Adokotala, m'mimbamu," Atelala amawadula. "Khalani chete inu, mukudwala. Ndi chifuwa chimenechi adokotala, ndimagona nawo ndine."

Bata m'nyumba imeneyo linkabwera nthawi imodzi yokha: akamayeza munthu chovala, maphini ali ndandanda pamilomo. Pamenepo ngakhale denga ligwe, iwo amangoti "mmm." Malemu aja anaitulukira nzeru imeneyi. Akakhala ndi mawu kumtima, ankatenga thalauza n'kunena kuti latalika, aime chilili, akazi awo agwade ndi maphini kukamwa, iwo n'kukhuthula zonse. Pomwalira, mathalauza awo onse anali akulekeza m'mawondo.

Mwana mmodzi yekha ndi amene ankalimbana nawo Atelala pakamwa, mtsikana wotsiriza uja. Anthu anamutcha Wailesi, chifukwa akadzuka ankayamba ndi maloto, kenako za kusukulu, kenako za aneba, n'kutsekera ndi nyimbo. Amake akaponya liwu limodzi, iye abweza atatu. Koma kuthwa pakamwa sikuletsa mimba. Sukulu isanathe, Wailesi anatenga pathupi pa mnyamata wa pagolosale ya kumsika, yunifolomu n'kupachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko.

Mnyamatayo atangomva kuti kwabadwa mwana wamwamuna, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ntchito zabwino zili kutali. Anapita. Foni yake mpaka lero ikufunafuna netiweki. Koma anasiya amake, Agolosale, mayi wathupi lake, wonunkhira sopo amene wakanika kugulidwa. Ukwati panalibe, koma usewere unalipo wosefukira. M'mawa uliwonse Agolosale ankasiya shopu m'manja mwa wantchito, n'kudzakhala pampando wa makasitomala, pafupi ndi mashini osokera, pakati pa tizidutswa ta nsalu.

"Mwadzuka, asewere? Ali kuti bwana wanga?"

"Bwana wanu wagona, asewere. Kuno ana sitiwadzutsa ngati angongole."

"Tamuonani! Mphuno iyi ndi yakwathu ndithu."

"Mphunoyo tengani. Ife tinapereka mwana yense."

Ankakangana pa madzi osambitsira, wina akuti atentha, wina akuti azizira, mpaka madziwo azizire zenizeni. Ankakangana pa chipewa. Agolosale anagula chipewa chofiira, Atelala analuka choyera, ndiye mutu wa khandalo unkasinthidwa zipewa ngati mutu wa chidole cha pawindo la sitolo. Kuti afike pamene khanda lagona m'chipinda chamkati, onse awiri ankadumpha miyendo ya Wailesi, amene ankakhala pansi atatsamira bedi. Alendo obwera kudzaona mwana nawonso ankaidumpha miyendoyo ngati chitsa. Moni yense anali wa khanda. Mphatso zonse zinali za khanda. Mayi wa khanda anali ngati katoni imene katundu wabweramo.

Ndipo Wailesi anazima.

Masiku oyamba Atelala anakondwa, ati mwana wakula, waphunzira ulemu. Koma ulemuwo unanyanya. Mtsikana samasamba mpaka amukalipire. Tiyi amazizira m'kapu, buledi nyerere n'kugawana. Khanda likalira, nayenso misozi mbwembwembwe, popanda mawu. Poyamwitsa ankalinyamula ngati beseni lobwereka kwa neba wovuta, maso ali kukhoma, pamsomali paja. Khanda likagona, iye maso ali gwa. Tsiku lina Atelala anatenga sizasi, ati yunifolomu ikungodya fumbi, nsalu yolimba chonchi adulepo timalaya ta mwana. Wailesi anadzambatuka, n'kuigwira nsaluyo ndi manja awiri. Anaigwira mpaka amake anabweza sizasi m'kabati.

Madokotala awiri a pampando wa makasitomala anakhala pansi kuunika matendawa, mwini wake ali pomwepo.

"Ndi ulesi," anatero Atelala. "Anatengera azakhali ake, aja ankatopa ndi kukhala pansi."

"Ulesi? Asewere, tisabisane. Izi n'za mutu izi. Ndipo kwathu kulibe."

"Kwanu mutu kulibe, zimenezo n'zoona."

"Nyozani, koma mumve. Mwezi uno ukatha adakali chonchi, mwana ndikumutenga. Mdzukulu wanga saleredwa ndi munthu woyankhula ndi khoma."

"Sayankhula ndi khoma! Sayankhula n'komwe!"

Atelala anaona ngati apambana mlandu, koma mawu aja anawabaya. Mashini ankagunda, iwo maganizo ali kwina. Mwana kutengedwa m'nyumba mwawo, kudutsa mumsewu atamufunditsa shawelo ya Agolosale, aneba onse ali pazenera! Kenako anthu azidzati, nyumba ija ndi imene analandamo mwana chifukwa make anapenga. Anasokera diresi la kasitomala mkono kukhosi tsiku limenelo.

Tsiku la sikelo anapita onse anayi, khanda patsogolo, agogo awiri m'mbali, Wailesi m'mbuyo atanyamula chikwama cha matewera. Anesi anali kamtsikana kowonda ka magalasi. Analipachika khandalo pasikelo n'kunena kuti lakwera bwino.

"Magazi akwathu amenewo," anatero Agolosale.

"Mkaka wakwathu umenewo," anatero Atelala.

Anesi aja anatembenuka n'kuchita chinthu chachilendo. Anayang'ana kuseri kwa agogo awiriwo.

"Nanga iwe, mayi wake, ukupeza bwanji?"

"Ali bwino," anayankha onse awiri.

"Ndikufunsa iyeyu."

"Ndiye tikukuyankhani, anesi."

"Tulo ukugona, mchemwali?"

"Amagona mpaka dzuwa kumuwotcha," anatero Atelala.

"Sagona n'komwe, maso ngati kadzidzi," anatero Agolosale.

Anesi ankangoyang'ana Wailesi, amene misozi yake inali kudontha pachikwama cha matewera. Kenako anavula magalasi n'kuyankhula pang'onopang'ono, ngati mmene munthu amayankhulira ndi ana kapena akuluakulu. Anati zimenezi si ulesi, si mwano, si kulodzedwa. Ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi ambiri akangobereka, makamaka achichepere amene zonse zawagwera nthawi imodzi, ndipo amachizika. Anati Lachinayi m'mawa, kumapeto kwa khonde, kuchitseko chobiriwira, kumakhala alangizi amene amacheza ndi amayi achichepere.

"Abwere Lachinayi lomweli, musachedwe. Ndipo abwere ndi pakamwa pake," anatero anesi. "Pakadali pano musamamusiye yekha."

Mawu omalizawo anawapeza agogo awiri atatuluka kale, akukangana kuti shawelo aikunge bwanji.

Chitseko chobiriwiracho Atelala ankachidziwa. Ndani sankachidziwa? Panja pake panali benchi loyang'ana msewu wopita kumsika, ndipo aliyense wokhala pabenchi limenelo anthu ankamuweruza asanafike n'komwe pokhota. Theka la makasitomala a Atelala linkadutsa pamenepo. Mwana wawo akhale pabenchi limenelo? Zikatero ndiye kuti Agolosale apeza umboni, mwezi usanathe n'komwe.

Anaganiza, anaganiza, mpaka nzeru inabwera, yomwe ija ya kale.

"Pabanja pathu wodwala savutika," anawauza asewere awo. "Ndipita ndine. Matendawa ndikuwadziwa kuposa mwini wake. Ndikawafotokozera, andipatse malangizowo, ndidzamupatsire kuno. Ine pabenchipo anthu adzati ndabwera kudzayeza makatani."

"Mupite nokha kuti mukanamizire banja lathu? Ndipita nawo."

"Nanga mwana?"

"Tinyamula. Sindingasiye mdzukulu wanga ndi khoma."

Lachinayi m'mawa kunachitika zodabwitsa. Atelala podzuka anapeza pabalaza posesedwa, tizidutswa ta nsalu tonse tili m'dengu. Wailesi anali atasamba, tsitsi atapesa. Zovala za khanda anali atazipinda bwinobwino, timalaya pamwamba pa timalaya, matewera pamwamba pa matewera. Khandalo analiveka chipewa chofiira cha Agolosale ndi masokosi oyera a Atelala, kuti pasakhale wodandaula. Analinyamula nthawi yaitali, mphuno yake ili pamutu pake. Kenako analipereka.

"Muzimusamala," anatero. "Musamakangane pamaso pake."

Mawu! Wailesi wayankhula! Njira yonse Atelala ankayenda ngati apambana chisankho.

"Mwaona, asewere? Kungomva kuti ndikukamudwalira, mwana wachira. Mankhwala ndi mayi."

"Wachira chifukwa ndinamuopseza ine."

Kuseri kwa chitseko chobiriwira kunalibe maunyolo kapena anthu ong'amba zovala monga ankanenera kumsika. Munali mipando yoikidwa mozungulira, fulasiki ya tiyi pakona, ndi atsikana angapo, ena makanda ali pamiyendo, ena ali kumsana. Alangizi anali mayi wa zaka zapakati, wofatsa mokwiyitsa. Anayang'ana agogo awiri ovala ngati akupita kuukwati, anayang'ana khanda, n'kuyang'ananso agogo aja.

"Takulandirani, amayi. Mwana uyu wabereka ndani mwa awirinu?"

Atsikana anaseka kuseri kwa manja.

"Tabwera m'malo mwa wodwala," anatero Atelala, akudzikokera mpando.

"Wodwalayo ali kuti?"

"Ali kunyumba. Akudwala."

"Amayi, muno aliyense amanena za iye mwini."

"Zosavuta zimenezo." Atelala anakhosomola, n'kuika manja pamiyendo. "Ine ndine mtsikana wamng'ono. Ndangobereka kumene. Ndine waulesi pang'ono, ndinatengera azakhali anga. Sindisamba."

"Ndipo ndimayang'ana khoma," anawonjezera Agolosale.

"Khomalo ndi langa, asewere, musandilande matenda!"

"Ndikuthandizani, mukusiya zikuluzikulu. Alangizi, lembani kuti ndimalira popanda wondimenya."

Apa atsikana analephera kudzigwira. Wina anaseka mpaka khanda lake linasiya bere. Alangizi anakweza dzanja kuti ayankhule, koma kuimitsa Atelala ndi dzanja kunali ngati kuimitsa mvula ndi sefa.

"Komabe musadandaule, alangizi, tangobwera mwaulemu poti anesi anatiuza. Wodwalayo wachira lero m'mawa. Wasamba yekha, wasesa, zovala za mwana wazipinda ngati za m'sitolo. Mpaka wayankhula! Wati, muzimusamala."

Mtsikana wina wamfupi, amene anakhala pafupi ndi fulasiki, anasiya kuseka.

"Nanenso ndinapinda zovala," anatero.

"Wachita bwino, mwanawe, ukhondo ndi wofunika."

"Ayi, agogo. Tsiku limene ndinaganiza kuti mwana wanga akhala bwino ine kulibe, ndi limene ndinasamba. Ndinasesa, ndinapinda zonse kuti asadzavutike kufunafuna. Ndinawauza amayi anga kuti muzimusamala. Iwonso anakondwa."

Alangizi anali ataimirira kale, kufatsa kuja kutathawa pankhope.

"Mwamusiya ndi ndani?"

Atelala anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, munatuluka liwu limodzi lokha.

"Yekha."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo iwo ndi amene anaiimbira nyimbo mbuziyo njira yonse. Anatuluka pachitseko chobiriwira akuthamanga, pamaso pa msewu wonse wa kumsika, osasamala kuti akuwaona ndani. Nsapato imodzi ya kuukwati inatsala pakhonde. Inayo anaivula okha n'kuiponya m'ngalande.

Kunyumba chitseko chinali chongotsekedwa, chosakhoma. Bedi loyalidwa. Kapu yotsukidwa. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Msomali unali wokha.

"Wailesi! Iwe Wailesi!"

Neba amene ankayanika zovala anatulutsa mutu pakati pa mabulangete. "Mukufuna mwana wanu? Ndaona wa yunifolomu akutsikira uko. Ndimati wayambiranso sukulu."

Atelala anatsikira komweko, mapazi akupsa ndi miyala. Pothamangapo ankakonza mawu. Anakonza okalipa, anakonza odandaula, anakonza okumbutsa mwanayo mmene iwo anavutikira pomubereka, mmene anasokera usiku ndi usana kuti apite kusukulu. Pofika pampanda wa sukulu anali ndi mawu okwana maliro awiri.

Anamupeza kuseri kwa mpandawo, atakhala pamwala, pamene mawu a ana obwereza za aphunzitsi amamveka kudzera m'mawindo. Chapotero panali msewu waukulu, malole akudutsa akugwedeza nthaka. Wailesi anakhala chapakati, kumbuyo sukulu, kutsogolo msewu.

Mawu onse aja anafika pakhosi, koma mpweya unali utatha. Atelala anangogwira mpanda, akupuma ngati mvukuto. Ndipo popumapo maso awo anaona zimene maso a telala amaona. Bulauzi sinkatsekeka pachifuwa, mabatani awiri anali atathothoka, kutsogolo konse kutanyowa ndi mkaka. Zipi ya siketi inakanira pakati, mtsikana ataigwira ndi dzanja. Anyamata awiri okankha wilibala anali ataima, akuyang'ana.

"Taimirira," anatero Atelala. "Anthu akukuona."

Dzanja linapita lokha pakolala ya diresi lawo, pamene maphini sankasowa ngakhale pa zovala za kuukwati. Anawazula onse, n'kuwaika pamilomo, n'kugwada m'fumbi. Wailesi anaimirira n'kutambasula manja, monga ankachitira kuyambira ali kamwana akamamuyeza diresi. Anayang'ana pansi. Anaona pamutu pa amake, imvi zikutuluka m'mphepete mwa duku, ndi milomo yotsekedwa.

"Amayi," anatero. "Mwana uja sindikumukonda."

"Mmm!"

"Kapena ndikumukonda, kaya. Ndikamunyamula sindimva kanthu. Aliyense akuti ndi wokongola. Ine ndikamuona ndimachita mantha, ndimaona ngati ndimugwetsa, ngati ndimulakwitsa penapake. Akalira ndimamva ngati akundineneza kwa anthu."

Yankho linabwera msangamsanga. Mwana wako iwe osamukonda, unamva kuti? Linafika pamano n'kugunda maphini. Atelala anakoka nsalu, anabaya phini limodzi.

"Tulo ndimatifuna, amayi, koma sitibwera. Mutu umangoyenda. Anzanga ali m'kalasi umu, ine ndili pansi, anthu akundidumpha. Chibadwire mwana uja palibe amene wandifunsa kuti uli bwanji. Anesi okha aja. Ndiye munayankha ndinu."

"Mmm."

"Agolosale akunena zoona. Amutenge. Ali ndi sopo, ali ndi mkaka wa m'chitini, salira. Ine ndimati ndibwere ndimve belu kamodzi. Kenako ndingopita. Kopanda kubwerera."

Lole inadutsa, fumbi n'kuwakuta onse awiri. Phini linawabaya chala Atelala, koma sanachotse dzanja pasiketi ya mwanayo. Anaigwira nsaluyo ngati mmene mwini wake anaigwirira tsiku la sizasi lija. Anabaya lina. Anabaya lina. Wailesi ankayankhulabe, mawu akutuluka mokhoma ngati madzi a pampopi umene unauma kalekale, oyamba amatope, kenako oyera. Ananena za ululu wa pobereka umene palibe anamuuza. Ananena za mnyamata uja ndi foni yake. Ananena za manyazi.

Kenako phini lomaliza linachoka pamilomo n'kulowa munsalu. Pakamwa pa Atelala panatseguka. Mawu okwana maliro awiri aja anali pomwepo, okonzeka, atavala kale nsapato. Wailesi anaona, n'kusiya chiganizo pakati.

Atelala anayang'ana bulauzi ija. Inali itatsekeka bwinobwino. Anazula phini limodzi, anazula lachiwiri, anazula lachitatu, n'kuwabwezera pamilomo.

"Mmm?" anatero.

Ndipo mwanayo anapitiriza.

Alangizi anawapeza ali choncho, wina chilili akulira mokweza tsopano, wina chogwada akusoka ndi kumasula malo amodzimodzi. M'mbuyo mwawo munali Agolosale, thukuta kamukamu, khanda kumsana, chipewa chofiira chitapendekeka, nsapato imodzi ya Atelala ili m'manja.

"Mwaona zimene ndimanena ine! Munthu wabwinobwino angavale yunifolomu ali ndi..."

Atelala anaimirira, mawondo akulira. Anachotsa phini limodzi pakamwa n'kuwapatsa Agolosale.

"Asewere, tandigwirirani ichi. Ndi milomo."

Agolosale, podabwa, analigwira ndi milomo.

Alangizi sanayang'ane agogo aliyense. Anapita kwa mtsikanayo, anamuuza kuti iwo ndi ndani, n'kumufunsa molunjika ngati anaganiza zodzichotsera moyo. Wailesi anagwedeza mutu kuvomera. Alangizi sanakuwe, sanagwire pakamwa. Anati wachita bwino kunena, kuti ambiri amene amakhala m'chipinda chija anafikapo pamwala ngati umenewu, ndipo lero akuseka agogo a anthu. Anamufunsa ngati angayende nawo kukaonana ndi adokotala lero lomwe. Wailesi anayang'ana amake, kudikira kuti ayankhe.

"Mmm-mm," anatero Atelala, akuloza mwanayo ndi chibwano.

"Ndipita," anatero Wailesi.

Atatuluka kwa adokotala, alangizi anaitana agogo awiri aja, n'kuwalola kulavula maphini. Anawauza kuti mtsikanayu asamakhale yekha masiku ano, kuti mankhwala amene wapatsidwa amwe monga anenera adokotala, ndipo kuti Lachinayi lililonse azibwera, iyeyo, ndi thupi lake. Za kutenga mwana, anatembenukira kwa Agolosale.

"Matendawa akumunamiza kuti mwana akhala bwino iye kulibe. Inu mukamutenga mwanayo, mwasainira bodzalo. Ngati mukufuna kutenga kanthu, tengani matewera mukachape. Tengani kulira kwa masana kuti mayi wake agone."

"Ine ndimati ndithandize," anatero Agolosale, maso ali pansi.

"Thandizani ndithu. Beseni lili kuseri kwa nyumba," anatero Atelala.

Musaganize kuti Wailesi anachira Lachisanu. Panali masiku ena amene khoma linkamuitanabe, ndipo tiyi ankazizira monga kale. Koma miyendo yake anthu anasiya kuidumpha, chifukwa aliyense wolowa m'chipinda chija ankapeza Atelala pakhomo, sizasi m'manja, akufunsa kuti, "Mayi wake mwamupatsa moni?" Mkangano sunathe, unangosamuka. Tsopano unali wa ndani wachapa matewera oyera kuposa mnzake, ndi ndani amagonetsa khanda msanga. Matewera a m'nyumba imeneyo anayera mpaka aneba kudandaula maso. Yunifolomu Atelala anaimasula m'mbali, anaikulitsa pachifuwa, anaika mabatani atsopano, n'kuibwezera pamsomali. Za sukulu sananene kanthu. Anangoisita.

Madzulo aliwonse ankamuitana mwanayo pabalaza, ati pali diresi lofuna kuyeza. Diresi lake linali lomwelomwelo, la kasitomala wina amene anasamuka osalitenga. Linayezedwa mpaka nsalu kubooka ngati sefa.

Lachinayi lina, agogo awiri anali pabenchi loyang'ana msewu wa kumsika, khanda lili pakati, mutu chipewa choyera, mapazi masokosi ofiira. Kunadutsa mkazi wa mwini butchala, kasitomala wamkulu, amene nkhani ikalowa m'khutu mwake imatuluka ili ndi ana. Anaima, dengu pamutu, maso akuwala.

"Iii, Atelala! Pabenchi pano? Mwadwala?"

"Ndaperekeza," anatero Atelala mokweza, kuti ndi ogulitsa tomato omwe amve. "Wodwala ndi mwana wanga. Ali mkatimo, akudziyankhulira yekha. Diresi lanu Loweruka, ndipo mubwere ndi chiuno chomwe chija tinayeza."

"Nzeru yobwera kuno inali yanga," anatero Agolosale mayiyo atapita.

"Yanu inali yolanda mwana."

"Nanga nsapato yanu anatola ndani?"

Chitseko chobiriwira chinatseguka. Atsikana anatuluka akucheza, Wailesi ali pakati, akumalizitsa nkhani ina ndi wamfupi uja. Anafika pabenchi, anawerama, n'kunyamula khanda lake yekha, wina asanamupatse. Analiyang'ana kumaso kanthawi, n'kulikonza chipewa.

"Wawauza chiyani lero?" anafunsa agogo onse awiri.

"Za inu."

"Za ife? Wati chiyani?"

"Zambiri. Nthawi inatha ndisanamalize, ndidzapitiriza sabata yamawa."

Atelala anakoka mpweya wautali, pakamwa n'kutseguka. Wailesi, osatembenuka n'komwe, anatambasula dzanja, anazula phini pakolala ya amake, n'kuwapatsa.